Zipangizo za m'malo ogawira mauthenga a faiba ndi kufunika kwake ku madera ngati Lifuwu

SALIMA: Nkhani ya nthambo za faiba ikatchulidwa m'dziko muno, anthu ambiri amaganizira za ngalande zomwe zimakumbidwa m'mbali mwa misewu kapena nthambo zomwe zimakolekedwa pa mapolo a magetsi. Izi n'zomveka kaamba koti ndi zomwe zimaoneka ndi maso. Koma nthambo payokha siitumiza uthenga ngakhale umodzi.

Ntchito yeniyeni yotumiza, kulandira, kukuza ndi kugawa mauthenga imachitikira m'timanyumba kapena m'makabati otsekedwa omwe amamangidwa m'malo osankhidwa motsatira njira ya nthambozo. M'kati mwa malowa mumakhala tizipangizo tomwe timalowetsedwa ndi kutulutsidwa kamodzikamodzi, ndipo akatswiri amatitcha kuti ma module.

Kwa anthu a ku Lifuwu m'boma la Salima, dera lomwe limadziwika ndi ulimi wa mpunga, usodzi komanso malo ochitira kafukufuku wa mbewu ya mpunga, nkhaniyi ndi yofunika. Mlimi akamalandira ndalama za mpunga wake kudzera pa lamya ya m'manja, kapena wogwira ntchito pa chipatala akamatumiza malipoti ku likulu la boma, uthengawo umadalira tizipangizoti, ndipo kamodzi kakafa popanda kolowa m'malo mwake ntchito imaima ngakhale nthambo ili bwinobwino.

Faiba ndi chiyani

Faiba ndi ulusi wopangidwa ndi galasi loyeretsedwa kwambiri, womwe umanyamula uthenga pogwiritsa ntchito kuwala m'malo mwa magetsi. Kunenepa kwa galasilo ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a milimita, pafupifupi ngati tsitsi la munthu, ndipo kuwalako kumadutsa m'kanjira kakang'ono kwambiri kapakati pa ulusiwo. Nthambo imodzi imatha kukhala ndi maulusi 12, 24, 48 kapena kuposera apo, okutidwa ndi pulasitiki wolimba.

Ganizo loti galasi likhoza kunyamula mauthenga pa mtunda wautali linafotokozedwa m'chaka cha 1966 ndi Charles Kao ndi mnzake George Hockham ku Britain. M'chaka cha 1970 kampani ya Corning ya ku America inapanga ulusi woyamba womwe sumataya kuwala kwambiri, ndipo Kao analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2009 chifukwa cha ntchitoyi.

M'kati mwa galasi kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi. Izi zikutanthauza kuti pa mtunda wa pakati pa Salima ndi Lilongwe, womwe ndi makilomita pafupifupi 100, kuwala kumafika nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Choncho kuchedwa kwa intaneti komwe anthu amadandaula nako nthawi zambiri sikuchokera mu ulusiwo, koma mu zipangizo za kumapeto kwake komanso kuchuluka kwa anthu omwe akugawana njira imodzi.

Malo ogawira mauthenga

Malo omwe nthambo zingapo zimakumana ndi kugawikana amatchedwa hub. Kwa amene anaonapo momwe madzi amayendera pa sikimu ya mpunga, hub ili ngati malo omwe ngalande yaikulu imagawira madzi ku ngalande zing'onozing'ono zopita m'minda. Ngalande ikhoza kukhala yomangidwa bwino, koma ngati pampu yafa kapena chitseko chogawira madzi chakana kutseguka, munda suthiriridwa.

Munthu akaimba lamya ali ku Lifuwu, mawu ake amapita pa nsanja ya netiweki yomwe ili pafupi kudzera m'mafunde a wailesi. Kuchokera pa nsanjayo uthenga umatumizidwa pa mbale zoyang'anizana ndi nsanja ina kapena pa nthambo ya faiba mpaka kukafika pa hub, pomwe umaphatikizidwa ndi mauthenga ochokera m'madera ena ndi kulowetsedwa mu nthambo yaikulu yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ngati uthengawo ukupita kunja kwa dziko, umaoloka malire mpaka kukafika pa nthambo za pansi pa nyanja ya mchere.

Potero, ngakhale munthu yemwe alibe faiba pakhomo pake amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku mosadziwa, chifukwa gawo la wailesi ndi lalifupi pomwe ulendo wonse wotsala ndi wa pa galasi.

Komwe kamangidwe aka kanachokera

Kamangidwe ka hub yokhala ndi tizipangizo tosinthika kanakula kwambiri m'makampani a lamya komanso omwe amagawa wailesi ya kanema kudzera pa nthambo m'maiko a ku America ndi ku Ulaya. Ntchito yogawa kanema pa nthambo inayamba ku America cha m'ma 1948 m'madera a mapiri komwe mafunde a kanema samafika bwino. Poyamba ankagwiritsa ntchito nthambo za kopa zotchedwa coaxial, zomwe zimafuna makina okuzira mphamvu pa mamita mazana ochepa aliwonse.

M'zaka za m'ma 1990 makampaniwa anasintha njira zawo zikuluzikulu kukhala za faiba, n'kusiya nthambo ya kopa pa gawo lomaliza lolowa m'nyumba za anthu. Kamangidwe kosakanizaka kamadziwika ndi dzina lachidule lakuti HFC. Pa njira imeneyi, hub imatumiza kuwala ku bokosi la m'dera lotchedwa node, lomwe limasandutsa kuwalako kukhala mafunde a magetsi opita ku nyumba mazana angapo.

M'hub ya mtundu umenewu mumakhala tizipangizo totumiza zithunzi ndi mauthenga kupita kwa anthu, tina tolandira zomwe zikubwerera kuchokera m'makomo, komanso makina otchedwa CMTS omwe amayendetsa intaneti motsatira muyezo wa DOCSIS, womwe unatulutsidwa koyamba m'chaka cha 1997.

Dziko la Malawi silinadutse mu njira imeneyi. Wailesi ya kanema ya boma inayamba m'chaka cha 1999, ndipo kanema amafika m'makomo kudzera pa mbale za satelayiti kapena pa mlongoti. Chifukwa cha ichi, hub za kuno zimatumikira makamaka nsanja za lamya za m'manja, mabanki, maofesi a boma, sukulu ndi makampani. Komabe zigawo zikuluzikulu za m'kati mwake n'zofanana ndi za m'maiko enawo.

Chimango chosungira tizipangizo

Gawo loyamba ndi chimango chachitsulo chotchedwa chassis, chomwe chimamangiriridwa m'kabati ya muyezo wa mainchesi 19 m'lifupi. Chimangochi chili ndi mipata yondondozana momwe amalowetsamo makadi, ndipo kumbuyo kwake kuli njira zomwe zimapereka magetsi ndi kulumikiza makadiwo.

Ubwino wa kamangidwe kotere ndi woti kadi imodzi ikafa, katswiri amaisolola n'kulowetsapo ina popanda kuzimitsa makina onse. Momwemonso anthu ofuna intaneti akachuluka m'dera, kampani imangogula kadi yowonjezera n'kuika pa mpata wotsala m'malo mogula makina atsopano.

Gawo la magetsi ndi loziziritsa

Zipangizo zambiri za mtokoma zimayendera magetsi a mavoti 48 a mtundu wa batire. Magetsi ochokera ku Escom amayamba adutsa mu tizipangizo totchedwa rectifier, tomwe timawasandutsa kukhala oyenera makinawo kwinaku tikudzadza mabatire. Magetsi akazima, mabatire amapitiriza ntchito nthawi yomweyo podikira jenereta kapena mphamvu ya dzuwa.

Pa malo omangidwa motsatira muyezo, chimango chilichonse chimakhala ndi tizipangizo tiwiri topereka magetsi tochokera ku njira ziwiri zosiyana, cholinga chake kamodzi kakapsa kena kapitirize. Palinso thireyi ya mafani yomwe imakoka mphepo kudutsa m'makadi, pamodzi ndi sefa yotchinga fumbi. Sefayi ndi yotsika mtengo kuposa china chilichonse m'kabatimo, koma ikatsekeka ndi fumbi kutentha kumakwera ndipo makadi a mtengo wapatali amawonongeka.

Kadi yoyang'anira

Kadi yoyang'anira ndi yomwe imalondola momwe zigawo zina zonse zikugwirira ntchito. Imayeza kutentha, mphamvu ya magetsi ndi kuchuluka kwa kuwala komwe kukutuluka ndi kulowa, ndipo imatumiza chenjezo ku likulu la kampani komwe akatswiri amayang'anira netiweki usana ndi usiku. Kudzera pa kadi imeneyi, katswiri yemwe ali ku Lilongwe akhoza kudziwa kuti fani ya m'kabati ina m'mbali mwa nyanja yaima asanatumize galimoto.

Zotumiza ndi zolandira kuwala

Kachipangizo kotumiza kamasandutsa uthenga wa magetsi kukhala kuwala pogwiritsa ntchito laser, yomwe imayaka ndi kuzima kapena kusinthasintha mphamvu maulendo mabiliyoni pa sekondi. Ku mapeto ena a ulusi, kachipangizo kolandira kamawerenga kuwalako n'kukubwezeretsa kukhala uthenga wa magetsi.

Masiku ano ntchito ziwirizi zimaphatikizidwa m'kachitsulo kamodzi kotalika ngati chala cha munthu wamkulu, kotchedwa SFP. Mtundu wamba umanyamula gigabit imodzi pa sekondi, wotchedwa SFP+ umanyamula magigabit 10, pomwe wokulirapo wotchedwa QSFP28 umanyamula magigabit 100. Kalikonse kamapangidwira mtunda wake, monga makilomita 10, 40 kapena 80, ndipo mtundawo umalembedwa pa kachitsuloko.

Kusankha molakwika kumabweretsa vuto mbali zonse ziwiri. Kachipangizo ka makilomita 10 kakaikidwa pa njira yaitali, kuwala sikufika. Ka makilomita 80 kakaikidwa pa njira yaifupi kwambiri, kuwala kumafika kochuluka mopyola muyezo ndipo kukhoza kuwononga mbali yolandira, pokhapokha ataikapo kachipangizo kochepetsa mphamvu.

Kuwala komwe kumagwiritsidwa ntchito sikuoneka ndi maso a munthu. Mitundu iwiri yodziwika kwambiri pa njira zazitali imayezedwa kuti ndi mananomita 1310 ndi 1550. Wa 1550 ndi womwe umatayika pang'ono m'galasi, n'chifukwa chake umakondedwa pa nthambo zolumikiza mizinda.

Chokuzira kuwala

Ngakhale galasi la faiba ndi loyera, kuwala kumachepa pamene kukuyenda. Pa mtundu wa 1550, theka la mphamvu limatayika pa makilomita pafupifupi 15 aliwonse. Pa mtunda wonga wa Salima kukafika ku Lilongwe, kuwala komwe kumatsala ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 100, ndipo apa sitinawerengere zomwe zimatayika pa mfundo zolumikizira.

Pofuna kuthana ndi vutoli, pa makilomita 80 mpaka 100 aliwonse pamaikidwa chokuzira kuwala chotchedwa EDFA. M'kati mwake muli kachidutswa ka faiba kosakanizidwa ndi mtundu wa chitsulo chosowa chotchedwa erbium, ndipo kakawalitsidwa ndi laser ina kamawonjezera mphamvu ya kuwala komwe kukudutsa popanda kukusandutsa kaye kukhala magetsi. Luso limeneli linaonetsedwa m'chaka cha 1987 ndi gulu la David Payne pa yunivesite ya Southampton ku Britain komanso akatswiri a Bell Labs ku America.

Ichi ndi chifukwa chake timanyumba ta zipangizo timapezeka ngakhale m'madera omwe mulibe makasitomala ambiri. Kanyumba kotere kakhoza kuoneka kopanda ntchito kwa anthu oyandikana nako, koma magetsi akatha mmenemo maboma angapo kutsogoloko amasowa netiweki.

Chophatikiza mitundu ya kuwala

Ulusi umodzi ukhoza kunyamula mitundu yambiri ya kuwala nthawi imodzi, uliwonse ndi uthenga wake, popanda kusokonezana. Kachipangizo kophatikiza kamasonkhanitsa mitunduyi kulowa mu ulusi umodzi, ndipo kanzake ku mapeto enawo kamailekanitsanso. Njira yosavuta yotchedwa CWDM imalola mitundu yofika 18, pomwe yothithikana yotchedwa DWDM imalola 40, 80 kapena 96.

Kufunika kwa gawoli pa chuma ndi kwakukulu. Ndalama zambiri pa ntchito ya faiba zimathera pa kukumba, kuimika mapolo ndi kuyala nthambo. Ntchito imeneyo ikatha, kuchuluka kwa mauthenga omwe nthamboyo inganyamule kukhoza kuwonjezedwa kambirimbiri posintha tizipangizo ta m'hub zokha, osakumbanso ngalande. Ulusi umodzi ukhozanso kubwereketsedwa kwa makampani angapo, aliyense ndi mtundu wake wa kuwala.

Chosinthira njira

Njira zofunika zimamangidwa mozungulira ngati mkombero kuti hub iliyonse ifikiridwe kuchokera mbali ziwiri. Kachipangizo kosinthira njira kamayang'anira kuwala, ndipo kakaona kuti kwasiya kufika kuchokera mbali imodzi kamasamutsira mauthenga mbali inayo. Muyezo womwe makampani a mtokoma amatsata ndi woti kusinthaku kuchitike m'nthawi yosapitirira magawo 50 mwa magawo 1,000 a sekondi, moti woimba lamya sazindikira n'komwe.

Koma kachipangizoka kamathandiza pokhapokha njira yachiwiri ilipo ndipo ikudutsa kwina. Ngati maulusi onse awiri ali mu nthambo imodzi kapena akuoloka pa mlatho umodzi, madzi osefukira akakokolola mlathowo njira zonse ziwiri zimaduka limodzi. Madera omwe ali ku mapeto a msewu, monga ambiri a m'mbali mwa nyanja, kawirikawiri amafikiridwa ndi njira imodzi yokha, ndipo ichi ndi choyenera kuganiziridwa pokonza mapulani.

Chogawira m'makomo ndi m'maofesi

Pomwe faiba ikupita mpaka pakhomo kapena pa ofesi, m'hub mumaikidwa makina otchedwa OLT. Motsatira muyezo wa GPON womwe unavomerezedwa ndi bungwe la zamtokoma pa dziko lonse la ITU, khomo limodzi la makinawa limatumiza magigabit pafupifupi 2.5 pa sekondi kupita kwa ogwiritsa ntchito ndi kulandira 1.25 kuchokera kwa iwo.

Panjira, ulusi umodziwo umagawidwa ndi kagalasi kotchedwa splitter kuti utumikire nyumba 32 kapena 64. Kagalasika sikafuna magetsi, zomwe ndi mwayi waukulu ku madera akumidzi. Komabe kugawa kulikonse kumachepetsa kuwala, ndipo mtunda wovomerezeka pa njirayi ndi makilomita pafupifupi 20.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imakhudza kwambiri gombe la Salima. Senga Bay ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma, ndipo Lifuwu ili chakumpoto kwake. Madera otere ali ku malire a mtunda womwe OLT ya pa boma ingafikire, choncho wofuna kuwatumikira ayenera kuchepetsa chiwerengero cha nyumba pa ulusi umodzi, kugula tizipangizo tamphamvu kwambiri, kapena kumanga kabati ina pafupi ndi anthuwo yokhala ndi magetsi ake odalirika.

Gawo lomaliza ndi shelefu yomwe maulusi onse ochokera panja amathera ndi kulembedwa manambala. Pamenepa mdani wamkulu ndi fumbi, pakuti kachitsotso kosaoneka ndi maso kakhoza kutseka kanjira ka kuwala. Ichi ndi chifukwa chake akatswiri amapukuta ndi kuyang'ana nsonga iliyonse ndi makina asanailumikize.

Momwe faiba inafikira m'dziko muno

Ntchito za mtokoma zinasintha ndi lamulo la m'chaka cha 1998, lomwe linakhazikitsa bungwe la MACRA ndi kutsegula njira yogawa bungwe lakale la positi ndi lamya. Kampani ya Malawi Telecommunications Limited, yomwe inabadwa pa kugawaku, ndi yomwe inayamba kuyala faiba yolumikiza mizinda ikuluikulu ndi malire a dziko chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000. M'chaka cha 2016 nthambozi zinapatulidwa n'kuikidwa pansi pa kampani ya Open Connect Limited.

Popeza Malawi alibe gombe la nyanja ya mchere, intaneti yake imadalira nthambo zomwe zimatera m'maiko oyandikana nawo. Nthambo ya SEACOM inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2009 ndipo ya EASSy m'chaka cha 2010, ndipo zonse ziwiri zimatera ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Izi zisanachitike, mauthenga opita kunja amadalira satelayiti, yomwe inali yokwera mtengo komanso yochedwa.

M'chaka cha 2009 Banki Yaikulu pa Dziko Lonse inavomereza ndalama zokwana madola 20 miliyoni a ku America zothandizira dziko lino kulumikizana ndi nthambozo. Pansi pa ntchitoyi, kampani ya SimbaNET inayala faiba yolumikiza Lilongwe ndi malire a Tanzania komanso a Zambia.

M'chaka cha 2017 boma linayamba kumanga nthambo yaikulu ya dziko lonse ndi ngongole ya madola pafupifupi 23 miliyoni yochokera ku banki ya Exim ya ku China. Ntchitoyi inagwiridwa ndi kampani ya Huawei motsatira mapolo a magetsi a Escom. Chaka chomwecho Banki Yaikulu pa Dziko Lonse inavomerezanso madola 72.4 miliyoni a ntchito ya Digital Malawi, yomwe mwa zina inalinga kulumikiza maofesi a boma, sukulu ndi zipatala.

Lamulo latsopano la zamtokoma la m'chaka cha 2016 linakhazikitsa thumba lapadera lothandizira kufikitsa ntchitozi ku madera omwe makampani saona phindu lamsanga. Thumba limeneli ndi limodzi mwa njira zomwe madera akumidzi angapezere nsanja ndi zipangizo.

Zovuta za m'mbali mwa nyanja

Kutentha ndi vuto loyamba. Boma la Salima limatentha kwambiri m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo m'kati mwa kabati yachitsulo yomwe ili padzuwa mumatentha kuposa panja. Ma SFP wamba amapangidwira kutentha kosapitirira madigiri 70 pa chikuto chake, pomwe olimba opangidwira panja amapirira mpaka 85. Mabatire a asidi ndi omwe amavutika msanga, pakuti moyo wawo umafupika ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 kuposa 25.

Vuto lachiwiri ndi mphenzi komanso chinyontho cha nyengo ya dzinja. Galasi silinyamula magetsi, choncho mphenzi siyenda mu ulusi wa faiba, koma imalowa kudzera pa mawaya a magetsi ndi pa nsanja. Chitetezo chake ndi waya wokwiriridwa bwino pansi pamodzi ndi tizipangizo totchinga magetsi obwera mwadzidzidzi. Waya ameneyu ndi wa kopa, ndipo akabedwa kabati yonse imatsala poyera.

Vuto lachitatu ndi kuzima kwa magetsi. M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. M'nyengo zotere mabatire amatha asanadzadzidwe mokwanira ndipo amakalamba msanga. Boma la Salima lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe anatsegulidwa m'chaka cha 2021, koma magetsiwo amalowa m'nthambo za dziko lonse, choncho hub iliyonse imafunikabe mabatire ndi njira yake yapadera.

Vuto lachinayi ndi ndalama zakunja. Tizipangizo tonseti timagulidwa kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unakwera. Kampani kapena nthambi ya boma yomwe siisunga tizipangizo tapadera imadikira masabata kuti katundu afike, pomwe yosunga imakonza vuto tsiku lomwelo. Pokonza bajeti ya ntchito ya faiba, ndalama zosamalira ndi zogulira zosinthira ziyenera kuwerengedwa limodzi ndi zomangira.

Vuto likachitika

Netiweki ikasowa, akatswiri amayamba ndi kuwerenga machenjezo ochokera pa kadi yoyang'anira pofuna kudziwa ngati vuto ndi la magetsi, la kachipangizo kapena la nthambo. Ngati ndi nthambo, amagwiritsa ntchito makina otchedwa OTDR, omwe amatumiza kuwala mu ulusi n'kuyeza komwe kukubwerera, ndipo amaonetsa mtunda womwe padukapo. Akafika pamalopo amalumikiza ulusi umodziumodzi ndi makina owotcherera galasi, ntchito yomwe imatenga maola angapo pa nthambo ya maulusi ambiri.

Nthawi zina vuto limakhala kutali kwambiri. Pa 12 Meyi 2024 nthambo za EASSy ndi SEACOM zinaduka pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inasokonekera m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi, Tanzania, Mozambique ndi Kenya. Makampani omwe anali ndi njira zina zodutsa m'maiko osiyana, komanso tizipangizo tokwanira kusamutsira mauthenga kumeneko, ndi omwe anachira msanga.

Kubwera kwa intaneti ya pa satelayiti ya Starlink m'dziko muno m'chaka cha 2023 kunapereka njira ina kwa okhala kutali ndi nthambo, koma sikunachotse kufunika kwa faiba, yomwe imanyamula mauthenga ochuluka a nsanja za lamya, mabanki ndi maofesi.

Udindo wa anthu a m'dera

Ulusi wa faiba ulibe kopa ndipo ulibe msika kwa ogula zitsulo zakale. Woudula sapindula kanthu, koma amaimitsa ntchito za ndalama za pa lamya, za chipatala ndi za sukulu m'dera lonse. Kuwononga zipangizo za mtokoma ndi mlandu, ndipo mafumu, makomiti a chitukuko ndi a chitetezo cha m'mudzi ali ndi gawo lalikulu poteteza makabati, mabatire ndi mawaya.

Olima m'mbali mwa msewu, okumba mchenga kapena maziko a nyumba ayenera kusamala zizindikiro zosonyeza kuti pansi padutsa nthambo, ndipo moto wa tchire usayatsidwe pansi pa nthambo zokolekedwa. Wopeza nthambo yoduka asaigwire kapena kuyang'ana pa nsonga yake, chifukwa kuwala kwa laser sikuoneka koma kukhoza kuwononga diso, ndipo tizidutswa ta galasi timabaya. Choyenera ndi kudziwitsa apolisi, mfumu ya dera kapena eni nthamboyo.

Nawo makhonsolo ndi atsogoleri a madera, pomwe ntchito ya faiba ikubwera kwawo, ayenera kufunsa mafunso opitirira kutalika kwa nthambo. Afunse komwe hub yapafupi idzakhale, maola omwe mabatire ake angapirire magetsi atazima, ngati pali njira yachiwiri, komwe tizipangizo tosinthira tidzasungidwe, komanso katswiri wapafupi adzakhala pa mtunda wotani. Mayankho a mafunso amenewa ndi omwe adzaonetse ngati nthambo yodutsa m'deralo idzatumikiredi anthu ake.